Khobidi la bowo la makona anayi: kwawo n'kuti?

Khobidi lozungulira, lakuda ndi ukalamba, lokhala ndi bowo la makona anayi pakati ndi zilembo zinayi kuzungulira bowolo, limamusowetsa tulo munthu aliyense wokonda kusonkhanitsa ndalama zakale. Mutu wa mfumu palibe. Chaka cholembedwa m'manambala amene tinaphunzira kusukulu palibenso. Ngakhale kumwamba kwake n'kuti, munthu sadziwa. Ambiri amangoti "limeneli n'la ku China", kenako n'kuthamangira funso la mtengo. Zonse ziwirizi n'zopupuluma. Makobidi a maonekedwe amenewa anapangidwa ku China kwa zaka zoposa 2,000, ndipo Japan, Korea ndi Vietnam anatengera luso lomweli, n'kumalembaponso zilembo za Chitchaina zomwezo. Khobidi limene muli nalo m'manja likhoza kukhala la lililonse mwa maiko anayiwa, likhoza kukhala chithumwa, kapenanso chinthu chopangidwa kufakitale chaka chatha. Koma limadzinena lokha ngati mwalifunsa mafunso oyenera, limodzi pambuyo pa linzake.

Akuluakulu athu amakumbukira kobiri lobowoka la nthawi ya chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, lija la njovu ziwiri, ndi theka lake la akadyansonga. Bowo lake linali lozungulira, ndipo kobirilo linkadindidwa ndi makina. Makobidi a kum'mawa kwa Asia amenewa sankadindidwa. Ankachita kuwathira. Mmisiri ankasema khobidi limodzi losalala bwino, limene osonkhanitsa amalitcha mayi, n'kulidinda mumchenga wonyowa wa m'chikombole, monga amachitira woumba njerwa, kambirimbiri mpaka mizere itadzaza. Pakati pa mizereyo ankasiya ngalande, n'kuthiramo mkuwa wosungunuka. Ukazizira, pankatuluka chinthu chonga nthambi yokhala ndi makobidi mbali zonse. Ankawathyola, n'kuwatunga pa ndodo ya makona anayi kuti asamazungulire, kenako n'kupala m'mbali mwake onse pamodzi ndi tupa. Ntchito ya bowolo inali imeneyo, kuwonjezera pa kutungirapo chingwe, pakuti chingwe chimodzi chinkawerengedwa makobidi 1,000. Anthu akale ankatinso kuzungulirako n'chizindikiro cha kumwamba ndipo makona anayiwo n'dziko lapansi.

Kudziwa kapangidwe kameneka n'kofunika, chifukwa kamasiya zipsera. Khobidi lenileni likaonedwa pa galasi lokulitsa, pakati pa zilembo pamakhala pokhakhala pang'ono, chizindikiro cha mchenga uja. M'mbali mumaoneka timizere ta tupa. Makobidi awiri a mtundu umodzi safanana ndendende.

Funso loyamba ndiye lowerenga. Musachite mantha, simukufunika kudziwa Chitchaina. Pa makobidi ochuluka kwambiri, chilembo cha kumanzere kwa bowo chimakhala chimodzimodzi: 寶. Ndi chilembo chothithikana, chokhala ndi kadenga pamwamba ndi timiyendo tiwiri pansi. Tembenuzani khobidilo mpaka chilembo chimenechi chikhale kumanzere, kadenga kali m'mwamba, ndipo mwaliimika bwino. Kumanja kumakhala kawirikawiri 通, chokhala ndi mchira wautali wodutsa kunsi kwake. Ziwirizi pamodzi Atchaina amawerenga tongbao, Ajapani tsuho, Akoreya tongbo, Avietnamu thông bảo, ndipo zimangonena kuti iyi ndi ndalama yoyenda pamsika. Choncho mwa zilembo zinayi zija, ziwiri zatha kale. Zatsala za pamwamba ndi pansi, ndipo zimenezo ndizo dzina. Kawerengedwe kake n'kakuti pamwamba, pansi, kumanja, kumanzere. Koma makobidi ambiri a ufumu wa Song wa ku China amawerengedwa mozungulira ngati muvi wa wotchi: pamwamba, kumanja, pansi, kumanzere. Mukaona kuti 通 kapena 元 ili pansi pa bowo, yesani kawerengedwe kachiwirika.

Ngati pali zilembo ziwiri zokha, china kumanja china kumanzere, mwina mwagwira chinthu chakale kwambiri. Ban Liang ndiyo ndalama imene Qin Shi Huang anaifalitsa atagwirizanitsa China mu 221 Khristu asanabadwe, ndipo Wu Zhu inayamba mu 118 Khristu asanabadwe, mu ulamuliro wa Mfumu Wu ya ufumu wa Han. Maina onse awiri amanena kulemera kwa khobidilo. Wu Zhu inayenda zaka zoposa 700, mpaka mu 621 pamene mfumu yoyamba ya Tang inatulutsa Kaiyuan Tongbao, kholo la makobidi onse olembedwa tongbao.

Apa ndiye pali msampha umene umakola ngakhale anthu amene asonkhanitsa kwa nthawi yaitali. Dzina la pamwamba ndi pansi lija kawirikawiri silikhala dzina lobadwa nalo la mfumu, koma dzina la nyengo ya ulamuliro wake. Munthu akalipeza m'buku, amaona zaka zake pambali, n'kutseka bukulo akuganiza kuti wamaliza. Sanamalize. Dzina la nyengo limanena nthawi imene mtundu wa khobidiwo unayamba, nthawi zina silinena n'komwe zimenezo, ndipo silitsimikiza dziko limene khobidilo linathiridwa. Kaiyuan Tongbao inayamba mu 621, pamene nyengo yotchedwa Kaiyuan inadzabwera mu 713, ndipo khobidilo linapitiriza kupangidwa pafupifupi zaka 300. Mfumu Qianlong inasiya mpando mu 1795, koma ku Xinjiang anapitiriza kuthira makobidi ofiira a dzina lake m'zaka za m'ma 1800. Ku Nagasaki, kuyambira mu 1659 mpaka 1685, Ajapani ankapanga makobidi ogulitsa kunja olembedwa maina a nyengo za Song za zaka 600 m'mbuyomo, makamaka Yuanfeng. Ku Vietnam nakonso ng'anjo za anthu wamba zinkatengera maina a ku China. Ndiye khobidi lolembedwa Yuanfeng Tongbao likhoza kukhala la ku China la pakati pa 1078 ndi 1085, kapena la ku Japan la m'ma 1660, kapena lopyapyala la ku Vietnam. Kusiyanitsa kwake kuli m'kalembedwe ka zilembo, kukula kwa bowo ndi mtundu wa mkuwa. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

N'chifukwa chake ine ndimati kumbuyo kwa khobidi n'kofunika kuposa kumaso. Litembenuzeni.

Ngati mbali zonse ziwiri za bowo pali zilembo zazitali zoimirira, zopindikapindika, zokhala ndi msana umodzi wotsika ndi timano tam'mbali, zosafanana n'komwe ndi za kumaso zija, chimenecho ndi Chimanchu, ndipo khobidilo n'la ufumu wa Qing, umene unalamulira China kuyambira mu 1644 mpaka 1912. Mwa makobidi onse otere amene amapezeka m'mabokosi a ogulitsa zakale, awa ndiwo ochuluka. Chilembo cha kumanzere chimakhala boo, chofanana tanthauzo ndi 寶 uja, ndipo cha kumanja chimatchula nyumba yothirira ndalama. Ku Beijing kunali ziwiri: Boo Ciowan ya unduna woona za chuma ndi Boo Yuwan ya unduna woona za ntchito. Zina zinali m'zigawo, monga Boo Su ku Suzhou, Boo Je ku Zhejiang ndi Boo Guwang ku Guangdong. Makobidi ambiri a m'zigawo a Kangxi ali ndi Chimanchu kumanzere ndi Chitchaina kumanja, ndipo osonkhanitsa a ku China amakonda kufunafuna nyumba 20 zotere kuti akwanitse gulu lonse.

Mukatsimikiza kuti n'la Qing, ntchito yachepa kwambiri, pakuti maina a nyengo oyenera kuyang'ana ndi 10 okha. Kangxi (康熙), 1662 mpaka 1722, amadziwika ndi timadontho tinayi kunsi kwa chilembo cha pansi, ndipo makobidi ake ambiri ndi otambalala, a mkombero waukulu. Qianlong (乾隆), 1736 mpaka 1795, ndiye amene mudzakumane naye kawirikawiri. Tengani limodzi lotere mulionetsetse: m'mimba mwake pafupifupi mamilimita 24, kulemera cha m'magalamu 4, mtundu wachikasu chotuwa pamene zala zakhala zikukhudza, ndi litsiro lakuda louma m'makona a zilembo. Mkombero umakhala wosalala ndi kuyenda m'manja, pamene pansi pa zilembo pakadali pokhakhala. Pambuyo pake panabwera Jiaqing kuyambira 1796 ndi Daoguang kuyambira 1821, ndipo mukawaika pamzere mudzaona makobidi akucheperachepera ndi kupepuka pamene chuma cha ufumuwo chinkalowa pansi. Xianfeng, 1851 mpaka 1861, ndi nkhani ina. Nkhondo ya Taiping inadula njira ya mkuwa wochokera ku Yunnan ndi kumaliza ndalama za boma, choncho anayamba kuthira makobidi akuluakulu olembedwa kumbuyo kuti limodzi likuimira 10, 50, 100, 500, ngakhale 1,000, ena a chitsulo. Anthu sanawakhulupirire, ndipo akuluakulu kwambiri aja sanakhalitse. Lero ndi amene osonkhanitsa amawalimbirana, ndiponso ndi amene opanga zabodza amawakopera kwambiri.

Ngati kumbuyo kuli mbee, popanda kalikonse, ganizirani za Song ya kumpoto (960 mpaka 1127), za Ming, kapena za Japan. Mafumu a Song ankasintha dzina la nyengo pafupipafupi, ndipo dzina limodzi ankalilemba m'kalembedwe kawiri kapena katatu, kena kozungulira kachikale, kena kowongoka, kena kothamanga. Munthu amatha kuganiza kuti ali ndi makobidi atatu osiyana pamene ndi dzina limodzi. Mfumu Huizong inalemba ndi dzanja lake zilembo za pa Daguan Tongbao, wa 1107 mpaka 1110, zowonda ndi zakuthwa, ndipo kwa ine palibe khobidi lothiridwa lokongola kuposa limeneli. Kuyambira mu 1180 Song ya kummwera inayamba kuika nambala ya chaka cha ulamuliro kumbuyo, zimene zimatipatsa mwayi wosowa wodziwa chaka chenicheni.

La ku Japan lofala ndi Kan'ei Tsuho (寛永). Chilembo chake cha pansi n'chosavuta, cha mizere yochepa yotambasuka ndi kadontho pamwamba. Boma la Tokugawa linayamba kulithira mu 1636, ndipo ngakhale nyengo ya Kan'ei inatha mu 1644, khobidilo linapangidwabe mpaka m'ma 1860. Onani timiyendo tiwiri ta 寶: pa makobidi oyambirira timakumana pamwamba, pa a 1668 kupita m'tsogolo timatalikirana. A 1668 aja ali ndi chilembo chimodzi, 文, kumbuyo pamwamba pa bowo. Ngati kumbuyo kuli mafunde, limenelo linkaimira makobidi 4: a mafunde 21 anayamba mu 1768, a mafunde 11 chaka chotsatira. Lina losasokoneza ndi Tenpo Tsuho la 1835, lalikulu, lotalika ngati dzira, loimira 100.

La ku Korea ndi Sangpyeong Tongbo (常平), limene linafala kuyambira mu 1678 mu ulamuliro wa Mfumu Sukjong n'kuyenda zaka zoposa 200 dzina losasintha, pakuti dzinalo silinali la nyengo ya mfumu iliyonse. Nkhani yonse ili kumbuyo: chilembo cha pamwamba chimatchula ofesi kapena gulu la asilikali limene linalithira, ndipo pansi ndi m'mbali pamakhala nambala, kamwezi, kadontho kapena chilembo chosonyeza gulu la ng'anjo. Mitundu yake ndi masauzande. Lodziwika kwambiri ndi la 100 la mu 1866, limene Heungseon Daewongun, amene ankalamulira m'malo mwa mfumu, anatulutsa pofuna ndalama zomangiranso nyumba yachifumu ya Gyeongbokgung, ndipo linakweza mitengo ya zinthu mpaka analisiya msanga.

A ku Vietnam amadziwika kawirikawiri ndi kupyapyala. Ambiri a mafumu a Nguyễn, monga Gia Long kuyambira 1802 ndi Minh Mạng kuyambira 1820, ndi a zinki, otuwa ngati phulusa, osachedwa kusweka. Makobidi a nyengo yam'mbuyomo ya Cảnh Hưng, 1740 mpaka 1786, ali ndi mitundu yambirimbiri. Ku Vietnam komweko ndi kumene mwambo wonsewu unathera, ndi makobidi a Bảo Đại, mfumu imene inasiya mpando mu 1945.

Funso lotsatira ndi la chitsulo chenichenicho. Pezani sikelo yaing'ono yoyeza magalamu, rula ya mamilimita ndi maginito. Khobidi wamba la mtengo umodzi limakhala pakati pa mamilimita 22 ndi 26, magalamu 3 kapena 4. Mtundu nawonso umalankhula. Asanafike m'ma 1500, makobidi a ku China anali a mkuwa wosakaniza ndi tini ndi mtovu, umene umada kapena kubiriwira. Kuyambira nyengo ya Jiajing ya ufumu wa Ming anayamba kusakaniza ndi zinki, n'chifukwa chake a Qing ndi achikasu. Ndiye wina akakugulitsani khobidi la Tang kapena Song lachikasu chowala, bwezani. Maginito akaligwira musafulumire kulitaya, popeza makobidi achitsulo enieni alipo: a Song a ku Sichuan, ena a Xianfeng, ndi Kan'ei ambiri kuyambira mu 1739.

Si chilichonse chozungulira cha bowo chimene chinali ndalama. Ngati pali chinjoka ndi mbalame, nyama 12 za kalendala, nyenyezi, lupanga, kapena mawu ofunira munthu moyo wautali ndi ana ambiri, chimenecho ndi chithumwa. Zithumwa zakale zili ndi osonkhanitsa ake ndipo zina n'zamtengo, koma m'mabuku a ndalama simudzazipeza. Zosiyana ndi zimenezi ndi makobidi amakono amene amagulitsidwa m'masitolo, asanu omangidwa pa ulusi wofiira, a Shunzhi, Kangxi, Yongzheng, Qianlong ndi Jiaqing, oti abweretse mwayi m'nyumba. Ambiri mwa amenewa ndi odindidwa ndi makina: opepuka, ofanana ndendende, zilembo zosaya, pansi pake pali timadontho toyalidwa mwadongosolo, ndipo ukalamba wake ndi utoto umene umachoka ndi chikhadabo. Dzimbiri lenileni limamera kuchokera mumkuwa momwemo, n'lolimba, ndipo limakhala ndi mitundu ingapo yosanjikizana. Lopaka limakhala la mtundu umodzi paliponse, nthawi zina lonunkha mankhwala.

Pali gulu linanso limene ndingolitchula mwachidule: makobidi opanda bowo, odindidwa ndi makina, a chinjoka. Japan inayamba yen mu 1871, ndipo ku China makina oyamba akuluakulu anaikidwa ku Guangdong chakumapeto kwa m'ma 1880. Ambiri mwa amenewa amakhala ndi chaka, koma chowerengedwa kuyambira pa chiyambi cha ulamuliro, ndipo pa akale chimawerengedwa kuchokera kumanja kupita kumanzere. Pa a ku Japan, chaka cha nyengo ya Meiji mumawonjezera 1867, cha Showa 1925, cha Republic ya China 1911. Dola yasiliva ya mutu wa mtsogoleri wa China Yuan Shikai yolembedwa chaka chachitatu ndi ya 1914, ngakhale inadindidwa ndi chaka chomwecho kwa zaka zambiri pambuyo pake. Yeniyeni imalemera pafupifupi magalamu 27 ndipo maginito saigwira. Zabodza zake zadzaza dziko lonse.

Nanga zida zofufuzira? Foni imathandiza, koma ili ndi malire. Mapulogalamu owerenga zilembo pa chithunzi amasokonezeka ndi kalembedwe kachikale ndi dzimbiri, ndipo amawerenga zilembo zinayi zija mwa dongosolo lolakwika. Njira yabwino ndi kuika pepala lopyapyala pa khobidi n'kupakapo pensulo mopepuka, monga akhala akuchitira akatswiri a ku China kwa zaka mazana ndi inki, chifukwa zilembo zimaoneka bwino papepala kuposa pa mkuwa wakuda. Kenako fanizirani ndi zithunzi. Buku la David Hartill, Cast Chinese Coins, la mu 2005, ndi limene ogulitsa ambiri olankhula Chingerezi amatchula manambala ake, ndipo pa intaneti Numista ndi Zeno ali ndi zithunzi zambiri zaulere. Mukamafunsa anthu odziwa, jambulani mbali zonse ziwiri pa kuwala kochokera chammbali, khobidi litaima bwino, ndipo tchulani kulemera ndi kukula kwake. Chithunzi cha kumaso kokha ndi theka la funso.

Chimene chimandiwawa kwambiri ndi kutsuka. Munthu amatenga khobidi limene lasunga khungu lake zaka 900, n'kuliviika m'mandimu kapena viniga, n'kulikwecha ndi phulusa kapena waya wotsukira mapoto kuti zilembo zioneke. M'mphindi zisanu wafafaniza umboni wa ukale wake, ndipo sudzabweranso. Litsiro lofewa limachoka ndi madzi oyera ndi mswachi wofewa, kenako liumitseni bwinobwino. Dzimbiri lokhalo loyenera kuda nalo nkhawa ndi lobiriwira motuwa, lofumbutuka ngati ufa, chifukwa limeneli limadya mkuwa, makamaka m'nyengo ya chinyezi. Khobidi lotero lipatuleni kwa anzake ndi kulisunga pouma.

Tsono za mtengo. Ukalamba si mtengo. Cha m'ma 1080 ng'anjo za Song zinkatulutsa zingwe zoposa 5 miliyoni pachaka, ndipo makobidi amenewa amafukulidwabe m'mitsuko yodzaza. Khobidi lenileni la Song, la Qianlong kapena la Kan'ei limagulidwa dola imodzi kapena zochepa chabe. Chimene chimakweza mtengo ndi kusowa: nyumba yothirira imene inagwira ntchito kanthawi kochepa, mfumu imene sinakhalitse, khobidi la mayi lija, kapena lalikulu losawonongeka. Ndipo pamene mtengo wakwera, zabodza zimachulukanso, moti woyamba kumene amachita bwino kugula makobidi wamba otsika mtengo 20 kapena 30, kuti zala ndi maso zizolowere chenicheni.

Makobidi amenewa si achilendo kwenikweni kumbali yathu ino ya Africa. Malonda a pa nyanja ya Indian anawafikitsa ku Mogadishu ndi ku Kilwa, doko limene linalemera ndi golide wochokera kudera la Great Zimbabwe, kumenenso kunapezeka mapale a mbale za ku China. Ku Zanzibar, mu 1945, kunafukulidwa mulu wa makobidi a Tang ndi Song. Mu 2013 gulu la akatswiri lotsogozedwa ndi Chapurukha Kusimba ndi Sloan Williams linalengeza kuti lapeza Yongle Tongbao pa chilumba cha Manda ku Kenya. Yongle ndiye mfumu ya Ming imene inatuma Zheng He ndi zombo zake kuyambira mu 1405, ndipo nyuzipepala zinathamangira kulumikiza ziwirizi. Koma Yongle Tongbao inayenda m'manja mwa amalonda kwa zaka mazana, ku Japan inafala mpaka mtsogoleri wankhondo Oda Nobunaga anaijambula pa mbendera yake, ndipo dzina lokhalo silinganene amene analibweretsa ku Manda. Chimene chinapatsa khobidi lija phindu ndi chakuti akatswiriwo anadziwa malo enieni, kuya kwake, ndi zinthu zimene linagona nazo.

Choncho ngati lanu munalipeza m'sutikesi ya agogo kapena kwa wogulitsa zakale, lembani pa kapepala kumene linachokera ndi amene anali nalo, musunge pamodzi. Koma ngati linatuluka m'nthaka, polima kapena pokumba maziko, musalitsuke ndipo musaligulitse. Ikani chizindikiro pamalopo, lijambuleni, ndipo kadziwitseni a nyumba yosungira zinthu zakale, monga ya ku Chichiri ku Blantyre.